Kanyumba Kosalowa Mphepo

A Chigamba ankaopa mvula monga ena amaopera njoka. Anali munthu wamkulu ndithu, wa imvi zake, koma mitambo ikangoti bii, ankasiya tiyi patebulo n'kutuluka kukazungulira nyumba, maso ali kudenga, milomo ikugwedera. Dzina loti Chigamba silinali la makolo. Anawapatsa ndi anthu a mumsewu mwawo, poti kuyambira kumtunda mpaka kumlatho kunalibe bafa, khitchini ya panja kapena khola la nkhuku lopanda chigamba chawo.

Manthawa anali ndi pochokera. Ali mwana ankakhala m'chipinda chimodzi cha lendi ndi mayi awo ndi kamlongo kawo. Denga lake linali la malata odyeka ndi dzimbiri, oti masana unkaona dzuwa likusuzumira m'timabowo. Mvula ikayamba, mayi awo ankandandalika pansi mapoto, beseni, mbale, ngakhale makapu, ndipo m'chipinda monse munkangomveka tho, tho, tho. Chaka china mvumbi unagwa sabata yathunthu. Kamlongo kaja, kamene kankagona cha kukhoma, kanayamba kutsokomola, kenako kubanika, ndipo pofika Lamlungu kanali katapita. Pamaliro mayi wina ananena akupukusa mutu, "Mwanayu yamulowa ndi mphepo." A Chigamba anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Mawu amenewo anawasunga mpaka ukalamba.

Atakula, ntchito yawo inangokhala imodzi: kutseka mipata. Sukulu ya zomangamanga sanaipondeko, anaphunzira potola zotsala pamene ena akumanga. Anthu olemera ankaitana makontilakita, enafe tinkaitana a Chigamba. Iwo sankakutuma kukagula malata atsopano ayi. Ankayamba afunsa kaye, "Kuseriko mwataya chiyani?" Mgolo wobooka ankaung'amba n'kuuwongola kukhala lata. Chubu chakale cha njinga ankachidula tizidutswa n'kuika pansi pa mutu wa msomali uliwonse, kuti madzi asatsike ndi msomaliwo. Zoyera zopepuka zija zimabwera m'makatoni a mafiriji ankazisungunula m'petulo pang'ono, n'kupanga phala lomata bowo moti ngakhale nyerere inkabwerera. Mitengo ya denga ankaipaka oilo wakuda wotsala ku galaja kuti chiswe chizingoidutsa. Misomali yopindika ankaitola mumsewu, n'kumaiwongola pamwala wa pakhonde. Ndipo m'thumba lawo simunkasowa kampeni kakuthwa kodulira mphira, ngakhale pa ukwati wa ana awo kanalimo.

Akazi awo anthu ankangowatchula kuti amake mapasa, ngakhale mapasawo anali atakula kalekale n'kupita kukagwira ntchito kutali. Anali mayi wa nthabwala, woseka ndi thupi lonse. "Ine ndimagona ndi diso limodzi," ankatero kwa anzawo. "Abambowa tsiku lomwe adzazindikire kuti mphuno yangayi ili ndi mabowo awiri, adzandimata ndi phula." A Chigamba ankaseka nawo, koma ankaseka maso ali pa mng'alu wa pakhoma. Mawindo a m'nyumbamo ankatsegulidwa iwo akachoka basi.

Kuseri kwa nyumba, kupitirira mabedi a masamba ndi mtengo wa mandimu, kunali kanyumba ka njerwa kosungiramo makasu, wilibala ndi zitini zakale za penti. Chaka chomwe izi zinachitika, amake mapasa anaganiza zoweta nkhuku. Anaitanitsa anapiye makumi asanu a tsiku limodzi, nyengo yozizira ili pakhomo, ndipo anati adzawalerera m'kanyumbamo n'kumawafunditsa ndi mbaula ya makala monga ankachitira anzawo.

A Chigamba atasuzumira m'kanyumbamo anagwira pakamwa. Pakati pa khoma ndi denga panali mpata woti mkono n'kulowa, windo linalibe galasi, chitseko chinali cholendewera.

"Amayi, muno mukufuna kuikamo tamoyo? Mphepo yonseyi?"

"Ndiye ndinakwatiwa ndi ndani ine? Si inu a Chigamba?"

A Chigamba anasiya maganyu onse kwa masiku anayi. Ntchito imene anagwira pamenepo, tisanamizane, inali yokoma. Mpata wa pansi pa denga anautseka ndi zidutswa za njerwa ndi dothi losakaniza ndi simenti pang'ono. Kudenga m'kati anakhomamo makatoni, n'kuphimba ndi pulasitiki. Pawindo anaikapo waya, kenako pulasitiki wochindikala kawiri. Chitseko anapanga chatsopano cha matabwa osanjikiza, kunja n'kuchiveka lata la mgolo, m'mbali monse n'kuzungulizamo mphira, m'kati n'kuikamo chokolowekera chachitsulo kuti mphepo isamachigwedeze. Chinthu chimodzi chokha chinkawachititsa manyazi. Mahinjesi analibe, ndiye anadula zidutswa zitatu za tayala lakale n'kuzikhomera kunja, kuti chitseko chizitembenukira pamenepo. "Izi n'zongoyembekezera," ankatero kwa aliyense wobwera kudzaona, asanafunsidwe n'komwe.

Anapiye anabwera, tachikasu, tolira tsiku lonse. Amake mapasa ankayatsira mbaula panja, n'kudikira mpaka makala afiire ndipo utsi uthe, kenako n'kuilowetsa. Onse awiri ankadziwa kuti utsi ndi woipa. Ankadziwanso kuti makala akafiira utsi watha, ndipo utsi ukatha vuto latha. Ambirife timadziwa choncho.

M'kanyumbamo munkafunda kuposa m'nyumba yaikulu, moti amake mapasa anayamba kumatenga kampando ndi zoluka zawo n'kumakhala momwemo. Tsiku lachiwiri anadandaula mutu. "Ukundiwawa ngati andimanga chingwe apa," anatero akugwira pachipumi, ndipo anamwa mankhwala n'kuiwala. Tsiku lachitatu anapeza anapiye atatu atafa, ndipo anaulula kuti iwonso anasinza pakampando paja dzuwa lili pamutu, munthu woti chibadwire sanagonepo masana.

A Chigamba atamva za anapiye akufa ndi mayi wodwala mutu, mtima unapita kuchipinda chija cha lendi. Yalowanso mphepo. Anatola nthenga, nalowa m'kanyumbamo, natseka chitseko, n'kumayenda chokwawa m'mbali mwa makoma nthenga ili m'manja. Pansi pa chitseko nthengayo inagwedezeka. Kuseri kwa matumba a chakudya cha nkhuku inagwedezekanso, ndipo atasuntha matumbawo anapeza njerwa ya mabowo imene womanga woyamba anaika cha m'munsi mwa khoma.

"Nayi mfiti yake!" anafuula mokondwa.

M'mawa wa tsiku lachinayi anatseka mabowowo ndi sanza n'kumatapo simenti, pansi pa chitseko n'kukhomapo mphira ina. Anaimanso m'katimo ndi nthenga ija. Sinagwedezeke. Kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri, mtima wa a Chigamba unakhala pansi.

Tsikulo kunacha kuli m'kamwa mwa mbuzi, mvumbi ukuwaza, chisanu cholowa m'mafupa.

"Lero ndiyatsa mbaula ziwiri," anatero amake mapasa akuwapatsira chipewa. "Ndikangotha kuchapa ndikalowa momwemo, mundipeza madzulo ndikununkha nkhuku."

"Mukalowa muzikoloweka chitseko," anatero a Chigamba, nakwera njinga.

Ntchito ya tsikulo inali kutsidya kwa msika, ulendo wa theka la ola, kwa mayi wina amene anagwira ntchito kuchipatala mpaka kupuma, ndipo aliyense ankangoti a Nesi. Nawonso anali ndi kanyumba ka kuseri kodontha. A Chigamba atangofika, a Nesi anawapatsa mahinjesi awiri achitsulo ochoka pa chitseko chakale, amene anawalonjeza sabata yathayo. A Chigamba anawapukuta ndi malaya, nawaika m'thumba la buluku, akumwetulira ngati apatsidwa mbuzi.

Anamata mabowo a padenga, nasintha lata limodzi. Cha m'ma teni koloko anasuntha makwerero, nayamba kuika njerwa pa mpata wa pakati pa khoma ndi denga. A Nesi anatuluka ndi tiyi, nayang'ana m'mwamba.

"Iii, a Chigamba, pamenepo ayi. Pasiyeni."

"Mayi, mpata umenewu ndi umene ukukulowetserani mphepo."

"Ndiye ntchito yake imeneyo. Ine mvula ikamagwa ndimaphikira momwemo pambaula. Mukufuna mudzandipeze nditauma?"

A Chigamba anaseka. "Makala akafiira sakhala ndi utsi, mayi."

A Nesi sanaseke. Anaika kapu pa mgolo. "Utsi ndi mnzako, bambo. Umakutsokomoletsa, umakuliza misozi, n'kukuthamangitsira panja. Choopsa ndi mpweya umene makala amatulutsa atafiira kale. Suoneka, sununkha. Zaka zonse ndagwira kuchipatala, nyengo ino ikafika tinkalandira anthu, nthawi zina banja lathunthu. Atseka zitseko ndi mawindo kuti afunde, mbaula ili pakati. Ena tinkawadzutsa, ena ayi."

Dzanja la a Chigamba linaima m'malere, njerwa ili momwemo. "Nanga munthu amadziwa bwanji?"

"Umayamba ndi mutu. Kenako tulo, tulo tokoma zedi. Ukati udzuke, miyendo imakana. Ngati muli tinthu tating'ono, kaya mbalame kaya nkhuku, ndi timene timayamba kugwa."

Njerwa ija inagwa n'kusweka pansi. A Chigamba sanadziwe mmene anatsikira pamakwerero. Anakumbukira zonse. Mutu. Tulo ta masana. Anapiye atatu. Anatulutsa foni, naimbira akazi awo. Inaitana, inaitana, mpaka kuduka. Anaimbanso. Ankadziwa bwino pamene inali kulirira: pawindo la pabalaza, pamene amake mapasa ankaisiya kuti izilowa moto.

"Kwagwanji, bambo?" anafunsa a Nesi. "Mwatuwa bwanji?"

"Akazi anga. Ali m'kanyumba ndi anapiye. Ndinamatamo monse."

"Monse? Palibe ndi kabowo komwe?"

"Kotsiriza ndatseka m'mawa uno. Ati ayatsa mbaula ziwiri."

"Thamangani!" A Nesi anawakankha paphewa. "Ine ndikupempha galimoto kwa aneba, ndikutsatani. Mukafika musataye nthawi n'kuitana, tsegulani, muwatulutsire panja pamphepo. Pitani!"

Anasiya zida zonse pomwepo. Njinga yawo inali nkhalamba ngati mwini wake, koma tsiku limenelo inadutsa pamsika anthu akulumphira kumbali n'kumatukwana. Matope ankawathira kumaso, mvula ikuwalowa m'khosi, iwo osamva kanthu. Ankangomva mawu awo omwe, mukalowa muzikoloweka chitseko, mukalowa muzikoloweka chitseko. Ankaopa monga sanaoperepo chibadwire. Anayesa kupemphera, koma pemphero linkathera pa mawu awiri okha, Ambuye chonde, n'kuyambiranso. Ankadziuza kuti mwina mayiwo achedwa kuchapa. Mwina abwera alendo. Mwina makala anyowa, akana kuyaka.

Atalowa mumsewu wawo, maso anayamba kugwera pa ntchito zawo. Khitchini ya mayi wogulitsa tomato, anamata ndi iwo. Kachipinda ka mlonda wa pasukulu, anatseka ndi iwo. Kanyumba komwe amagonamo agogo a telala, iwonso. Zigamba zimene ankaziloza monyadira akamadutsa, tsopano ankaopa kuziyang'ana.

Njinga anaiponya pageti. Zovala zinali zitachapidwa kale, zili m'beseni pakhonde. Anadutsa pakati pa mabedi a masamba akuponda mbewu, ndipo atafika pa mtengo wa mandimu anatchera khutu. Masiku onse anapiye aja ankamveka kuyambira pamenepo. Tsopano kunali zii, mvula yokha ikulira pamalata.

Anakoka chitseko. Chinali chokoloweka.

"Amayi! Amake mapasa!"

Zii.

Anachikoka ndi manja awiri, phazi atatsamiritsa kukhoma, koma chitsekocho anapanga ndi a Chigamba, ndipo sichinasunthe ndi pang'ono pomwe. Anathamangira pa mulu wa nkhuni, natenga nkhwangwa, natema. Nkhwangwa inadumpha pa lata la mgolo lija, n'kungosiya kachipsera. Anatemanso kachiwiri, kachitatu, akulira ngati mwana. Anazungulira kuwindo, nang'amba pulasitiki yense, nasuzumira pawaya. Fungo la nkhuku ndi kutentha zinawawomba kumaso. Anaona mbaula ziwiri zili psuu. Anaona anapiye ali ngundangunda pa utuchi. Ndipo pakona anaona akazi awo ali pakampando, mutu utapendekera kukhoma, pakamwa pali yasa, zoluka zitagwera pamiyendo. Anaitananso, koma mayiwo sanaphethire. Windolo linali laling'ono, loti mutu wokha ndi umene ukanalowa.

Anabwerera kuchitseko, naimirira njakata, akuyang'ana ntchito yawo imene inalibe pogwira. Pamenepo maso anagwera pa zidutswa zitatu za tayala zija, manyazi awo aja. Anapisa m'thumba, dzanja likugunda mahinjesi achitsulo, natulutsa kampeni. Anadula cha m'mwamba. Anadula cha pakati, mpeni n'kuterereka n'kuwacheka chala, iwo osamva. Cha m'munsi chinali cholimba, anachicheka atagwada m'matope, akukukuta mano. Chitadukana, analowetsa nkhwangwa m'mphepete n'kukanula, ndipo chitseko chonse chinapendekeka n'kugwera kunja.

Anawagwira m'khwapa akazi awo n'kuwakoka chafutambuyo, zidendene zikukhukhuluzika pa utuchi, mpaka panja pa udzu. Thupi linali lolemera, lofewa, lofunda. Anawagoneka cham'mbali mvula ikuwagwera kumaso, nawavula mpango n'kumawakupiza nawo. Munthu amene moyo wake wonse ankathamangitsa mphepo, tsopano ankaipempha. Anaika khutu pamphuno pawo, koma mtima wawo womwe unkagunda kwambiri moti sanamve kanthu. Anaikanso. Kampweya kanalipo, kochepa.

"Pumani, amayi. Pumani, chonde. Musandichite zimenezi."

Patapita nthawi imene kwa iwo inali ngati chaka, amake mapasa anabuula, nakoka mwendo, nasanza. Nthawi yomweyo galimoto inaima pageti, ndipo a Nesi anatulukira akuthamanga, nsapato zili m'manja.

Kuchipatala anawaveka chopumira kumaso n'kuwalowetsa m'chipinda. A Chigamba anatsala pa benchi m'khonde, zovala zikudontha, chala atachikulunga ndi mpango uja. Nthawi iliyonse chitseko chikatseguka ankaimirira, mtima uli m'mwamba. Mahinjesi aja ankawakanikiza pantchafu. Anawatulutsa, nawayang'ana. A Nesi akanawapatsa sabata yathayo, akanawakhoma tsiku lomwelo, ndi misomali yopinda kumapeto monga ankachitira.

A Nesi anabwera kudzakhala pambali pawo. "Akhala bwino. Koma mukanachedwa pang'ono, bwenzi tikukamba zina." Kenako anawonjezera, "Tsoka silinunkha, a Chigamba. Simunadziwe."

"Ndinamata ndi manja angawa, mayi," anayankha. "Ndinachita kusakasaka ndi nthenga."

Cha kumadzulo anawalola kulowa. Amake mapasa anali atatsegula maso, nkhope yotopa, milomo youma. A Chigamba anaima kumiyendo kwa bedi, chipewa chili m'manja, osadziwa poyambira.

"Anapiye anga?" anafunsa mayiwo.

"Atsala asanu ndi mmodzi."

Mayiwo anatseka maso kwa kanthawi. "Ndimakumvanitu mukumenya chitseko. Ndimati ndidzuke ndikutsegulireni, koma miyendo inali ya wina." Anapuma, kenako kumwetulira kunabwera pang'ono pakona pa mlomo. "Ndiye nditamva mphepo kumaso, ndinati ndiwauze abambowa, pali mpata wina aiwala."

A Chigamba anayesa kuseka, koma chimene chinatuluka sichinali chiseko. Anakhala pansi pa simenti, natsamiritsa mutu pa bedi, ndipo akazi awo anawasisita imvi zija mpaka analeka kulira.

M'mawa mwake anthu a mumsewu anaona zachilendo. A Chigamba ankayenda khomo ndi khomo ndi hamala ndi tchizulo, akugumula zigamba zawo zomwe. Anayambira kwa agogo a telala, kenako kwa mlonda, kenako kwa mayi wa tomato, amene anawathamangira ndi chikho m'manja.

"A Chigamba, mwapenga kodi? Si inu nomwe munamata apa?"

"Ndine ndemwe. Mumaphikira makala muno?"

"Eya."

"Ndiye patukani, mayi, njerwa ingakugwereni."

Anafotokozera aliyense, mobwerezabwereza, mawu a a Nesi aja, osasintha ndi limodzi lomwe. Ena anamvetsa, ena anapukusa mitu n'kumati ukalamba wayamba. Kanyumba kawo anakasiyira kumapeto, ndipo kumeneko dzanja linalemera, moti mpata umene anagumula pansi pa denga unaposa umene unalipo poyamba. Njerwa ya mabowo ija anaitokosola. Chitseko anachibwezera pa zidutswa zina za tayala, chopanda chokolowekera, ndipo mahinjesi achitsulo anawaponya m'chitini cha misomali.

Amake mapasa anatuluka m'chipatala tsiku lachitatu, mvumbi usanathe. Asanalowe n'komwe m'nyumba anati akaone anapiye awo. Anayenda pang'onopang'ono atagwira mkono wa amuna awo, nakhala pakampando kaja, chitseko chili chotsegula. Anapiye asanu ndi mmodzi anali m'katoni, ataunjikana pa botolo la madzi ofunda lokulunga ndi sanza. Mphepo inkalowa pa mpata uja ngati kwawo, ndipo madzi ankatsata mtengo wa denga n'kumagwera pakati penipeni pa chipinda. Tho. Tho. Tho.

A Chigamba anaima chilili. Kulira kumeneko anali atakuthawa zaka makumi asanu, ndipo kunali kusanaleke kuwaopsa. Dzanja linapita lokha m'thumba, kumene kunali kampeni ndi kachidutswa ka mphira.

"Mukudontha muno, abambo," anatero amake mapasa, akuwayang'anitsitsa.

A Chigamba anatulutsa dzanja lopanda kanthu. Anapita kukhitchini, nabwera ndi poto wakale, namuika pansi pa dontho lija monga ankachitira mayi awo.

"Muzidontha," anatero.

Anakoka chitini cha penti, nakhala pambali pa akazi awo, nawagwira dzanja, ndipo anakhala pomwepo mpaka potoyo anadzaza.